Mmene Mungathandizire Mwana Wamng'ono wa Autism Kutenga Nawo Mbali Pakhomo ndi Pagulu

Makolo ambiri akauzidwa kuti mwana wawo ali ndi autism amaganiza zoyamba adikira kuti mwanayo aphunzire kulankhula, kukhazikika ndi kumvera, kuti pambuyo pake adzayambe kumutuma tintchito ta pakhomo ndi kuyenda naye pagulu. Maganizo amenewa ndi omveka, makamaka kwa kholo limene linabwerapo kumsika misozi ili m'maso chifukwa mwana anadzigwetsa pansi anthu akuonerera, koma ine ndimaona kuti kudikirako kumam'mana mwana malo enieni amene akanaphunzirirapo. Kupempha, kudikira, kusinthana ndi mnzake ndiponso kupirira phokoso, zonsezi mwana amaziphunzira pamene akuchita nawo zochitika za tsiku ndi tsiku. Malangizo otsatirawa ndi a makolo ndi olera ana a zaka 2 mpaka 6, ngakhale kuti ambiri mwa iwo angathandizenso ana okulirapo.

Autism ndi kakulidwe ka ubongo kosiyana ndi ka anthu ambiri, ndipo kawirikawiri zizindikiro zake zimaonekera mwana asanakwanitse zaka zitatu. Zimaonekera m'mene mwana amalankhulirana ndi kuchezera ndi anthu, komanso m'kukonda kubwereza zinthu ndi kufuna kuti chilichonse chizichitika mofanana nthawi zonse. Dokotala Leo Kanner wa ku Baltimore anafotokoza za ana 11 otere mu 1943, ndipo chiyambire nthawi imeneyo kwadziwika kuti ana a autism amasiyana kwambiri: ena amalankhula bwino, ena salankhula n'komwe, ena amafunika thandizo lochepa, ena lochuluka moyo wawo wonse. Chibadwa chili ndi gawo lalikulu pa nkhaniyi. Kaleredwe ka makolo sikabweretsa autism, katemeranso sabweretsa, ndipo kafukufuku wa mu 1998 amene anafalitsa mantha a katemera anachotsedwa m'magazini ya The Lancet mu 2010. Ndatchula zimenezi kuti kholo lisathere mphamvu zake pa kudziimba mlandu.

Mu 2001 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linatulutsa ndondomeko yofotokozera ulumali imene imati zimene munthu angathe kuchita zimadalira thupi lake pamodzi ndi malo ndi anthu omuzungulira. Mfundo imeneyi ndi imene yatsogolera magawo onse ali m'munsimu. Chochitika chikamuvuta mwana, choyamba kusintha ndi chochitikacho, malo ake ndi mmene ife akuluakulu tikuchichitira.

Gawo 1: Onetsetsani musanasinthe chilichonse

Kwa sabata imodzi khalani ndi kope, ndipo muzilembamo mmene tsiku la mwana likuyendera kuyambira podzuka mpaka pogona. Pamene pavuta lembani zinthu zitatu: chimene chinachitika vuto lisanayambe, chimene mwana anachita, ndi chimene chinatsatira. Mukalemba kuti "anavuta posamba" simunapezepo kanthu, koma mukalemba kuti analira atangothiridwa madzi kumutu ndipo anatonthola atakulungidwa m'chopukutira, mwapeza poyambira. Lembaninso nthawi zimene zinayenda bwino ndi zinthu zimene mwanayo amazikonda, kaya ndi mawilo, madzi, manambala kapena nyimbo imodzi imene amafuna kuimva mobwerezabwereza, pakuti zimenezo n'zimene mudzamukopere nazo ku ntchito zatsopano.

Muyang'anenso mmene thupi lake limalandirira phokoso, kuwala, fungo ndi kukhudzidwa. Ana ambiri a autism amamva zimenezi mopitirira kapena mochepera pa mmene ena amamvera, moti kuyambira 2013 madokotala amaziwerengera pa zizindikiro zoyezera autism. Mwana wotseka makutu wailesi ikalira, wokana malaya okhala ndi kansalu kokanda pakhosi, kapena wosalira atavulala, akukuuzani chinachake chokhudza thupi lake, ndipo si mwano.

Gawo 2: Sankhani chochitika chimodzi chokha

Musayambe ndi chimene chimavuta koposa zonse. Sankhani chochitika chimene chimabwera tsiku lililonse, chokhala ndi poyambira ndi pothera pooneka, ndiponso chimene banja lonse lingapepukidwe chitayenda bwino, monga kusamba m'manja, kuvala kapena kutolera zidole. Gwirizanani ndi onse olera mwanayo kuti muzichita mofanana, chifukwa mayi akamachita mwina, bambo mwina, wolera masana mwinanso, mwanayo amakhala ngati akuphunzira ntchito zitatu zosiyana.

Gawo 3: Gawani ntchito m'tizigawo, ndipo yambirani kumapeto

Ntchito imene kwa ife imaoneka imodzi, kwa mwana imakhala ntchito zingapo zotsatizana. Kusamba m'manja kuli ndi kupinda manja a malaya, kunyowetsa manja, kutenga sopo, kupaka, kutsukuluza ndi kupukuta. Lembani tizigawo timeneti m'ndondomeko yake, kenako muone kamene mwana amatha yekha, kamene amatha mothandizidwa ndi kamene sanakadziwe n'komwe.

Njira imene imathandiza ana ambiri ndi yoyambira kumapeto. Inuyo chitani naye tizigawo tonse mutamugwira manja, koma kotsiriza, komwe ndi kupukuta, musiyireni achite yekha. Akakazolowera, musiyireni tiwiri totsiriza, kutsukuluza ndi kupukuta, n'kumabwerera m'mbuyo choncho mpaka adzathe zonse. Ubwino wa njirayi ndi wakuti nthawi iliyonse mwana ndi amene amamaliza ntchito, ndipo chimene amakumbukira n'chakuti anakwanitsa. Povala chimodzimodzi: mulowetseni mutu ndi manja m'malaya, iye angokokera malayawo pansi, ndipo sabata zotsatira azilowetsa yekha dzanja lachiwiri.

Thandizo limene mukupereka liyenera kumachepa, ngati mmene wophunzitsa mwana njinga amayambira atagwira chishalo mwamphamvu, kenako n'kumangochikhudza, mpaka kusiyiratu. Yambani ndi kuika manja anu pa manja ake, kenako muzimugwira pachigongono pokha, kenako muzingoloza sopo, ndipo pomaliza muzingoima pafupi. Musanathandize, dikirani masekondi 5 mpaka 10, chifukwa ana ambiri a autism amatenga nthawi kuti amvetse chimene chikufunika, ndipo kholo lofulumira limamulanda mwana mwayi woyesa. Chenjerani ndi malangizo apakamwa. Mwana akazolowera kumva "tenga sopo, paka, tsukuluza" amatha kumadikira mawuwo ngakhale ntchitoyo akuidziwa, ndipo chizolowezi chimenechi chimavuta kuchichotsa kuposa kumugwira dzanja. Akachita bwino muyamikireni nthawi yomweyo potchula chimene wachita, monga "wapukuta wekha manja", kapena m'patseni kanthawi kosewera ndi chimene amakonda.

Pali mfundo ina imene ndimafuna kuti kholo lililonse liigwiritsitse. Kuchita kagawo kamodzi ka ntchito n'kutenga mbali kwenikweni. Mwana amene sangathe kuchapa angathe kuponya zovala zakuda m'dengu, amene sangathe kukonza patebulo angathe kunyamula masipuni, ndipo amene amakonda kundandalika zinthu m'mizere nthawi zambiri amasangalala kusanja masokosi kapena makapu potengera mtundu wake. M'patseni kantchito kake kodziwika, kamene banja lonse likudziwa kuti n'kake, ndipo musamakabwereze iye akuona ngakhale atakachita mokhota.

Gawo 4: Tsiku lizioneka ndi maso

Mawu amamveka kamodzi n'kutha, pamene chithunzi chimakhalabe pamalo kuti mwana achionenso. N'chifukwa chake pulogalamu yothandiza ana a autism ya TEACCH, imene inakhazikitsidwa ku North Carolina, ku America, mu 1972 motsogozedwa ndi Eric Schopler, inadalira kwambiri ndandanda za zithunzi ndi malo okonzedwa momveka. Jambulani pa foni zinthu zenizeni za pakhomo panu, monga bedi la mwanayo, mswachi wake ndi mbale yake, n'kuziika pakhoma motsatizana pamalo amene maso ake angafike. Chochitika chikatha, achotse yekha chithunzicho n'kuchiika m'kabokosi. Kwa mwana amene sanayambe kumvetsa zithunzi, gwiritsani ntchito chinthu chenichenicho: m'patseni chopukutira nthawi yosamba ikakwana, nsapato nthawi yotuluka ikakwana.

Yambani ndi zithunzi ziwiri zokha, "choyamba ichi, kenako ichi", chachiwiricho chikhale chimene amachikonda. Mavuto ambiri amabuka posiya chochitika china kupita ku china, choncho muchenjezeni nthawi isanathe, pomuonetsa wotchi yowerengera mphindi kapena poimba kanyimbo komweko nthawi zonse. Ndandandayo ikakhazikika, muzisintha dala kanthu kamodzi kakang'ono nthawi ndi nthawi, mutamuonetseratu pa chithunzi, kuti aphunzire kuti kusintha kumachitika ndipo sikoopsa.

Gawo 5: M'patseni njira yonenera zofuna zake

Mwana amene alibe njira yonenera kuti "ndatopa" kapena "ndithandizeni" amanena zimenezo pokuwa, poluma kapena pothawa. Musadikire kuti ayambe kulankhula. Muphunzitseni kuloza, zizindikiro za manja, kapena kupereka chithunzi cha chimene akufuna, monga zimachitikira m'njira ya PECS imene Andy Bondy ndi Lori Frost anayambitsa mu 1985. Makolo ena amaopa kuti zithunzi zichedwetsa kulankhula, koma kafukufuku sanapeze zimenezo, ndipo kwa ana ena mawu amayamba kubwera limodzi ndi zithunzizo.

Konzani mipata yoti apemphe. Ikani chidole chimene amachikonda pamalo poti akuchiona koma sangachifikire, m'patseni zosankha ziwiri mutazinyamula m'manja, kapena imani pakati pa sewero n'kumuyang'ana modikira. Lankhulani mwachidule, mongowonjezera pang'ono pa zimene iye amatha: ngati amanena liwu limodzi, inu muzinena awiri. Ngati amabwereza mawu anu kapena a pa wailesi yakanema, mvetserani nthawi imene amawanena, chifukwa kawirikawiri mawu obwerezawo amakhala ndi tanthauzo kwa iye. Ndipo akanena "ayi" mwaulemu kapena akapereka chithunzi chopempha kupuma, lemekezani pempholo ngati n'kotheka, apo ayi adzaona kuti kukuwa ndiko kumagwira ntchito. Musamukakamize kukuyang'anani m'maso, pakuti ana ena amamvetsera bwino akuyang'ana kumbali.

Gawo 6: Kudya, kusamba, chimbudzi ndi kugona

Pa chakudya, cholinga choyamba n'chakuti akhale pamodzi ndi banja, ngakhale kwa mphindi zitatu zokha, ali ndi chakudya chimene amachidziwa. Chatsopano muchiike pambali pang'ono chabe, ndipo kuchiyang'ana, kuchigwira ndi kuchinunkhiza muziwerengere monga kupita patsogolo. Kumudyetsa mokakamiza kumangokulitsa mantha. Ngati akudya mitundu yochepa kwambiri ya zakudya kapena akuonda, kaonaneni ndi achipatala.

Posamba ndi pometa tsitsi, muonetseni chipangizo chisanamukhudze, muwerengereni kuti adziwe pothera, ndipo kumbukirani kuti ana ambiri amapirira kugwidwa kolimba kuposa kukhudzidwa mopepuka. Pa chimbudzi, mupititseni pa nthawi zokhazikika, mapazi ake aponde pa chinthu cholimba, ndipo muone ngati sakudzimbidwa, chifukwa kudzimbidwa n'kofala mwa ana a autism ndipo kumachititsa mwana kuopa chimbudzi. Tulo timavutanso ana ambiri otere. Madzulo aliwonse zinthu zizitsatizana mofanana, nyali zichepe kuwala, ndipo foni ndi wailesi yakanema zizimitsidwe pafupifupi ola limodzi asanagone.

Gawo 7: Sewerani motsatira iye, kenako itanani mnzake mmodzi

Khalani pansi moyang'anizana naye ndipo chitani chimene iye akuchita. Ngati akuzungulitsa wilo la galimoto, tengani galimoto ina muzungulitse nanu, ndipo akakuzindikirani wonjezerani kanthu kamodzi, monga kuyendetsa galimotoyo kupita kwa iye. Mphindi 10 patsiku zosewera motere, popanda mafunso ndi malamulo, zimamanga chidwi chogawana zinthu ndi munthu wina, chimene ndi maziko a kulankhula. Pambuyo pake itanani mwana mmodzi wodekha ku sewero lalifupi lokhala ndi malamulo ooneka, monga kugubuduzirana mpira. Abale ake aphunzitseni mmene angamuitanire ndi mmene angadikirire yankho, koma musawasandutse olera, ndipo nawonso apatseni nthawi yawo yokhala nanu paokha.

Gawo 8: Tulukani naye, koma mokonzekera

Pangano la United Nations la ufulu wa ana la 1989 limati mwana aliyense ali ndi ufulu wosewera ndi kusangalala, ndipo pangano la ufulu wa anthu aulumali la 2006 limatsindika kuti ana aulumali azipezeka m'masewero ndi m'zosangalatsa mofanana ndi anzawo. Ufulu umenewu umakwaniritsidwa ndi maulendo ang'onoang'ono okonzedwa bwino.

Sankhani malo amodzi, monga sitolo yaing'ono, bwalo la masewero kapena malo opempherera, ndipo mupiteko kaye nokha kuti mukaone nthawi imene kumakhala anthu ochepa, kumene kuli phokoso, khomo lotulukira ndi pamalo poti mungakhale mwana akatopa. Jambulani malowo, ndipo kunyumba muonetseni zithunzizo pomufotokozera mwachidule kumene mupite, amene mukakumane nawo, chimene akachite ndi chimene chidzatsatire mukabwerako. Carol Gray, mphunzitsi wa ku Michigan, anayamba kulemba tinkhani totere chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo mfundo yake inali yofotokozera mwana zimene zichitike moona ndi modekha m'malo momuunjikira malamulo.

Ulendo woyamba ukhale waufupi kwambiri, mwina mphindi zisanu, wogula chinthu chimodzi chokha. Tulukani zinthu zikadali bwino, mwana asanatope, ngakhale mukuona kuti akanatha kupitiriza, chifukwa chimene mukufuna n'chakuti malowo aziwakumbukira mosangalala. M'patseni ntchito kumeneko: anyamule chithunzi cha chimene mukugula, achiike m'dengu, apereke ndalama kwa wogulitsa. Kupezeka pamalo n'kosiyana ndi kutenga mbali, ndipo mwana amene wangokhala pakona ndi foni m'manja wapezeka chabe. Tengani kachikwama kokhala ndi madzi, chidole chimene chimamukhazika mtima pansi, zotseka m'makutu ngati phokoso limamuvuta, ndi zithunzi zake zolankhulira. Bwererani kumalo omwewo kangapo, n'kumawonjezera nthawi pang'onopang'ono, musanayese malo ena. Pa misonkhano yaitali ndi pa zikondwerero, khalani pafupi ndi khomo, fikani pa gawo limodzi lokha la mwambowo, ndipo gwirizanani pasadakhale amene atuluke naye akatopa.

Nkhani ya chitetezo isanyozedwe. Ana ambiri a autism amachoka pamalo mosadziwika ndipo amakopeka ndi madzi, moti kumira ndi ngozi yaikulu kwa iwo. Ikani loko pamwamba pa zitseko, vindikirani zitsime ndi migolo yamadzi, phunzitsani mwana kuima akamva liwu lakuti "ima" poliyeserera ngati sewero, ndipo avale chibangili kapena kakhadi kokhala ndi nambala ya foni yanu. Pagulu tchulani munthu mmodzi amene akumuyang'anira pa nthawiyo, pakuti pamene akuluakulu ali ambiri aliyense amaganiza kuti mnzake ndiye akumuona.

Gawo 9: Zinthu zikasokonekera

Pali kusiyana pakati pa mwana amene akulira kuti apatsidwe chinthu ndi mwana amene thupi ndi maganizo ake zalemedwa mpaka kulephera kudzigwira. Woyambayo amaona ngati mukumuyang'ana ndipo amasiya akapatsidwa chimene akufuna. Wachiwiriyo sangathe kusiya ngakhale mutamupatsa, ndipo kumukalipira kapena kumumenya kumangowonjezera. Phunzirani zizindikiro zoyambirira, monga kutseka makutu, kuyendayenda, kapena kubwereza mawu mofulumira, ndipo muchitepo kanthu pamenepo. Zikafika poipa, chotsani zimene zingamuvulaze, pitani naye pamalo abata, chepetsani mawu, ndipo dikirani. Kukupiza manja ndi kudzigwedeza ndi njira zake zodzikhazikira mtima pansi, choncho musamuletse pokhapokha ngati akudzivulaza. Kwa oonerera konzeranitu chiganizo chimodzi, monga chakuti "mwanayu ali ndi autism, phokoso lamukulira, akhala bwino posachedwa", ndipo simukukakamizika kufotokoza zambiri. Mukafika kunyumba lembani m'kope chimene chinayambitsa, n'kubwereranso kumaloko tsiku lina ndi ulendo wofupikirapo.

Gawo 10: Phatikizani anthu ena ndi akatswiri

Lembani tsamba limodzi lofotokoza mwana wanu: zimene amakonda, zimene zimamuvuta, mmene amapemphera zinthu ndi zimene zimamutonthoza. Perekani tsambali kwa mphunzitsi wa kusukulu ya mkaka, kwa achibale ndi kwa aliyense amene amatsala naye, ndipo pemphani zinthu zodziwika, monga malo okhala kutali ndi zokuzira mawu kapena chilolezo chotuluka kwa mphindi zochepa. Anthu ambiri amafuna kuthandiza, koma sadziwa chochita mpaka atauzidwa.

Mwezi uliwonse bwererani ku kope lija n'kuona ngati mwana akuchita tizigawo tochulukirapo, ngati thandizo lanu lachepa, ndiponso ngati akuoneka womasuka. Ngati papita masabata angapo popanda kusintha, kagawoko mwina n'kakakulu, ndiye mukagawenso. Akatswiri othandiza ana kulankhula ndi othandiza pa ntchito za tsiku ndi tsiku angakuunikireni pa zimenezi, ndipo funsani kuchipatala ngati kwanuko kuli maphunziro a WHO a olera ana a zaka 2 mpaka 9 ochedwa kukula kapena aulumali, amene amakhala ndi misonkhano 9 ya pagulu ndi maulendo atatu a mlangizi kunyumba. Palibe mankhwala ochiza autism, choncho samalani ndi aliyense wolonjeza kuchiritsa ndi mankhwala, zakumwa kapena zakudya zapadera, chifukwa zina mwa zimenezo zavulazapo ana. Koma khalidwe la mwana likasintha mwadzidzidzi, akasiya luso limene anali nalo, akayamba kudzimenya mutu, kapena akamangoti duu kwa kanthawi osayankha, pitani naye kwa dokotala msanga mutatenga kope lanu, pakuti dzino, khutu kapena mimba yopweteka zimabisika mwa mwana wosalankhula, ndipo khunyu imapezeka kawirikawiri mwa ana a autism kuposa mwa ana ena.